Andiuza Ndichoke Osamutsanzika Mwanayo

Aphungu,

Ndine mtsikana wa zaka 26, ndikumaliza digiri yachiwiri ya uphungu wa matenda a maganizo. Asanatipatse pepala amatitumiza kukayeserera ntchito pansi pa akatswiri, ndipo ine anandiponya ku kiliniki ina ya ana ndi mabanja muno mu mzinda wa Iloilo. Si chipatala chogoneka anthu ayi. Kholo limabwera ndi mwana, timakhala naye ola limodzi, n'kubwerera kwawo, sabata yamawa abweranso. Maina onse amene ndalemba pano ndawasintha, poti za odwala sitiyenda nazo pakamwa.

Ndinafika ndi mutu wodzaza mabuku, ndikuyesa kuti ntchito yathu ndi yolankhula. Otiyang'anira, mayi wamfupi wa imvi amene tonse timangowatcha a Dok, anandilowetsa m'chipinda chodzaza zidole, muli kanyumba ka matabwa, bokosi la mchenga ndi timiphika tapulasitiki. Khoma limodzi ndi galasi, loti iwo ali kuseri amationa koma ife sitiwaona. Anandiuza kuti, "Muno mphunzitsi ndi mwana. Usafunse mafunso, usakonze kanthu. Uzingonena zimene maso ako akuona, basi." Ine ndinati, "Nanga chithandizocho chili pati, a Dok?" Anandiyang'ana n'kuseka. "Iwe pakamwa pako mpofanana ndi pa woitanira jipini, timabasi tathu tija. Yamba waphunzira kupatseka."

Mwana woyamba kundipatsa anali Neneng, wa zaka zisanu ndi ziwiri. Bambo ake, a Nonoy, amanyamula anthu pa njinga yamoto ku Molo, dera lina la mzinda uno. Mayi ake ali ku Kuwait, amagwira ntchito m'nyumba za anthu. Tsiku lonyamuka, banja lonse linagwirizana monga timachitira ambiri kuno, kuti mwana asauzidwe, angalire mpaka kudwala. Sutikesi inali itatsogola kale dzulo lake. Mayi anavala zamasiku onse, anatenga basiketi, n'kunena kuti, "Ndikukagula nsomba kumsika, ndibwera pompano." Neneng anakhala pa masitepe mpaka dzuwa kulowa. Mawa lake chimodzimodzi. Mawu ake anayamba kuchepa, mpaka anatheratu, kunyumba ndi kusukulu komwe. Mayi akaimba foni yoonana nkhope, iye ankatembenukira kukhoma. Asing'anga anamufukiza, ansembe anamudalitsa, koma ayi ndithu. Aphunzitsi ake ndiwo analozera a Nonoy ku kiliniki kwathu, chaka chitadutsa mwana asanatulutse liwu.

M'chipinda muja masewero ake anali amodzi okha. Ankatenga chidole chachikazi, n'kuchikoleka kabasiketi pa mkono, n'kutsegula chitseko, n'kuchiimika panja pakhonde, n'kutseka. Akatero ankakhala pansi moyang'ana chitsekocho mpaka ola litatha. Tsiku loyamba mtima unandiwawa, ndinadzuka kuti ndikachilowetse chidolecho, ndimuuze kuti taona, amayi abwera. Ndisanagwire chitseko ndinamva go! go! pa galasi. Ndinabwerera pansi. Titatuluka a Dok anati, "Ukanachilowetsa ukanamunamiza kachiwiri. Mayi ake abwera? Sanabwere. Khala naye pamene iye wakhala. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Ndiye ndinakhala, Aphungu. Nyengo yonse ya mvula, Lachitatu lililonse, ine ndi Neneng pansi, maso ku chitseko, miyendo yanga itachita dzanzi. Anzanga oyeserera nawo ankandinyogodola. Wina dzina lake Dindo akandiona ndikulowera kuchipindako ankati, "Alonda afika! Lero chitseko chathu sichibedwa." Nanenso ndinayamba kukayika, ndikuti mwina ndikungowadyera nthawi a Nonoy, amene amasiya okwera pa siteji kuti abweretse mwana.

Tsiku lina mvula ili pakati, denga likuchita phokoso, ndinangonena chimene ndinkaona. Ndinati, "Chitseko n'chotseka. Tikudikira. Tadikira nthawi yaitali." Neneng anatembenuka. Kanali koyamba kundiyang'ana m'maso. Ndi mawu osasa, osagwiritsidwa ntchito chaka chonse, anandiitana monga timaitanira achemwali aakulu, n'kuti, "Manang, nsombazo sanazipezebe?"

Ndawerenga mabuku ambiri onena za ana, koma palibe limene linandikonzekeretsa zimenezi. Chaka chathunthu kamwana kanasenza funso limodzi, osaligwetsa, kudikira munthu woti akhale nako pansi! Ife tonse tinkati mwana wasiya kulankhula, pomwe iye ankalankhula Lachitatu lililonse, ndi chidole ndi chitseko. Ola litatha ndinathamangira kuseri kwa galasi. Ndinapeza a Dok atavula magalasi awo, akuwapukuta ndi m'mphepete mwa bulauzi. Mayi amene wagwira ntchitoyi kuyambira ine ndisanabadwe anangoti, "Ndaziona kambirimbiri, koma sindinazizolowere. Ndikadzazolowera ndidzasiya ntchito." Mpaka lero ndikakumbukira ndimachita mantha, mantha ake aja a m'tchalitchi.

Sabata yotsatira a Dok anakhala pansi ndi a Nonoy, n'kuwathandiza kumuuza mwana zoona, mayi ali pa foni. Neneng anakuwa, anagenda foni ndi patapata, analira mpaka kusanza. Koma kuchokera pamenepo akulankhula. Pang'onopang'ono, koma akulankhula. Sabata yatha anandiuza kuti tsitsi langa likuoneka ngati tsache.

Vuto langa ndi ili. Nthawi yanga yoyeserera ikutha mwezi wamawa, ndibwerera kusukulu, ndipo Neneng apatsidwa kwa phungu wina. Loweruka lapitali a Nonoy ndi alongo awo aakulu, Tiya Pacing (Tiya ndiye kuti azakhali), amene amasamala ana mayi kulibe, anandipeza podikirira jipini atanyamula thumba la mango a ku Guimaras. A Nonoy, chipewa chili m'manja, anati, "Madamu, Neneng ali ndi mlongo wake wamng'ono amene sanabatizidwe, tinkadikira amayi ake. Tsopano tim'batiza pa chikondwerero cha parishi. Tikupempha mukhale ninang wake, mayi wa ubatizo. Mukhale wachibale, muzibwera kunyumba, Neneng azikuonani." Ndisanayankhe, Tiya Pacing anandigwira mkono n'kutsitsa mawu. "Koma za kuchoka kwanuzi, pakamwa tseke. Mungoti mwapita kutchuthi. Mwana wangoyamba kumene kulankhula, mukamuuza kuti mukumusiya atsekanso pakamwa, ndiye mlandu ukhala wa yani?" Ndinati, "Nanga akafunsa?" Iwo anati, "Ana amaiwala, Madamu. Tonsefe tinakula choncho, tinafa?" A Nonoy anati chapansipansi, "Manang Pacing, Neneng sanaiwale." Alongo awo anawatembenukira. "Iwe khala chete, Nonoy! Akamalira usiku umakhala uli mkonono, womunyamula ndine."

Lamulo la kukiliniki limatiletsa kupalana ubale ndi mabanja amene tikuwathandiza, ndipo limati mwana azitsanzikidwa poyera. Koma mayi anga nditawafotokozera za ubatizowo anandikalipira. "Kukana mwana wa ubatizo ndi tsoka, sudziwa? Ukufuna anthu azinena kuti sukulu yakukuza mtima?" A Dok sindinawauze, chifukwa yankho lawo ndikulidziwa ndipo mtima wanga sukufuna kulimva. Mwanayu ndimamukonda, sindibisa. Ndikuopa kuti ndikamuuza zoona ndiphwanya ndi pakamwa panga chinthu chodabwitsa koposa chimene ndinachionapo. Kodi ndivomere ubatizowu n'kuzemba mwakachetechete, kapena ndimuuze?

R.T.G., Jaro, Iloilo

Mwana wanga R.T.G.,

Kalata yako ndinaiwerenga kawiri, ndipo khofi wanga anazizira m'kapu. Ine ndakalamba ndikuyankha za amuna othawa ndi apongozi ovuta, koma funso la kamwana kako landikhudza koposa zonsezo. M'dziko muno palibe nyumba yopanda wachibale amene anachoka m'bandakucha, ana ali mtulo kapena atanamizidwa. Timachita zimenezi chifukwa cha chikondi, inde, komanso tinene zoona, chifukwa akuluakulufe misozi ya mwana timaiopa. Iwe waona ndi maso ako chimene chimatsala m'mbuyo. Ndi anthu ochepa amene amapatsidwa mwayi wotero, ndipo uusunge ndi ulemu.

Tsopano pukuta maso, tikambe ntchito. Umuuze mwanayo. Yankho langa ndi lomwelo limene ukuopa kulimva kwa a Dok, ndipo iwenso ukulidziwa, apo ayi sukanavutika n'kundilembera.

Yamba ndi a Dok omwewo, mawa m'mawa, usanalowe m'chipinda cha zidole. Uwauze zonse, za mango, za ubatizo, za tchuthi chabodzacho. Wophunzira sasenza zotere yekha, n'chifukwa chake anaika munthu kuseri kwa galasi. Sakudzudzula chifukwa chokonda mwana. Akhoza kukudzudzula akamva kwa ena.

Za ubatizo, ukane. Mapanga awiri avumbwitsa. Ukakhala ninang uzidya pa tebulo la Tiya Pacing, uziseka nthabwala zawo, ndipo Neneng ayamba kusankha zoti akuuze ndi zoti akubisire, monga amachitira ndi achibale onse. Neneng sadzamutsegulira mtima phungu watsopanoyo, azidzadikira iwe. Ndiponso dzifunse moona, sukulu ikakupanikiza, ntchito ikakutengera ku Manila kapena kunja, udzapita kangati ku Molo? Koma kukana kuli ndi kakanidwe kake. A Nonoy akupatsa chinthu chachikulu koposa chimene ali nacho, usawakanire pa msewu. Upemphe a Dok awaitane, mukhale pansi, iwo ndiwo anene kuti ndi lamulo la nyumbayo, lokhudza aliyense, kuti bamboyo asachoke ndi manyazi. Iwe uthokoze mochokera pansi pa mtima. Mango aja mugawane ndi anzako, Dindo wamwanoyo umupatse laling'ono. Mayi ako uwauze kuti tsoka limene akuliopa silingapose la mwana wonamizidwa kawiri, ndipo ana a ubatizo udzakhala nawo ambiri mpaka udzatopa kugula mphatso za Khirisimasi.

Tiya Pacing usawatenge ngati mdani. Mayi ameneyo ndiye akulera ana a eni, ndipo mantha ake ndi enieni. Asauzidwe kuti akulakwa, afunsidwe kuti athandize. A Dok awafotokozere zimene zingachitike, kuti mwana akhoza kukwiya, kukodza pogona, ngakhale kukhalanso chete masiku angapo, ndipo awauze chochita zikatero. Munthu akadziwa kuti mvula ikubwera saopa bingu.

Ukatero umuuze Neneng msanga, masabata akadalipo, osati tsiku lomaliza. Umuuze m'chipinda chomwecho, ndi mawu afupi: kuti unabwera kudzaphunzira, kuti nthawi yako ikutha, kuti si chifukwa cha chilichonse chimene iye wachita kapena kunena. Mawu omalizawa uwabwereze sabata iliyonse, chifukwa ana amadziimba mlandu pa zinthu zimene ife sitingaganizire n'komwe. Phungu watsopano ayambe kulowa nanu iwe ukadalipo, amuzolowere nkhope. Mwana asankhe yekha mmene akufuna tsiku lomaliza lidzakhalire, kaya kujambula, kaya kudya mabisiketi, kaya kukutembenuzira msana. Zonsezo n'zololedwa.

Ukuopa kuti atsekanso pakamwa. Mwina atero, sindikunamiza. Koma kukhala chete kwa mwana amene akudziwa chimene chachitika n'kosiyana ndi kwa mwana amene sakudziwa. Woyambayo ali pa chisoni, ndipo chisoni chimatha. Usadziyese kuti mawu ake ali m'thumba mwako moti ukachoka upita nawo. Ndi ake. Iwe unangokhala pansi nthawi yokwanira.

Chenjezo langa ndi limodzi. Tsiku lomalizalo akadzakukakamira siketi, lilime lako lidzayabwa kunena kuti, "Ndidzabweranso kudzakuona." Ulilume. Usalonjeze kanthu kamene sungakachite, ngakhale kakang'ono bwanji, ngakhale Tiya Pacing akukutsinzinira diso. Akalira umuleke alire, iwenso misozi ikabwera usaibise m'chimbudzi. Unene kuti "Tsala bwino, Neneng," iye ali maso, akukuona ukupita. Zidzawawa, mwana wanga, nonse awiri. Koma pa moyo wake wonse udzakhala munthu woyamba kumusiya atamutsanzika.

Ndine phungu wako,
Tiya Consoling