Chitseko Chakuseri

Lachinayi, 9 Okutobala

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno tilipo, koma mtima wanga suli m'malo, ndipo manyazi andigwira chifukwa cha zimene zachitikira mnzanu mphunzitsi uja pakhomo panga. Mwamva kale kuti ali m'chipatala, ndipo amuna anga ali m'manja mwa apolisi. Apongozi anga akhala pambali panga pano, ndiwo agula pepalali. Akuti ndikulembereni kuti mumupemphe mnzanuyo athetse mlandu, mwana wawo atuluke. Sadziwa kuwerenga, akungoyang'ana dzanja langa likuyenda n'kumagwedeza mutu. Pempho lawo ndilemba, koma muyambe mwamva mmene zinayendera.

Khadi la ngongole lija a banki anapatsa ine, chifukwa ndine amene ndimalandira malipiro a pamwezi kuhotela kumene ndimachapa nsalu. Dzina n'langa, koma khadilo linkagona m'thumba mwa alamu anu. Ankati agulira zitsulo ndi ndodo zowotcherera, ntchito ikayenda abweza. Ndodozo ndinaziona kamodzi kokha. Zina zonse zinathera kumowa, kunsapato zosongoka ndi kufoni yaikulu ngati mbale. Munthu anatchena, achimwene, moti anzake anayamba kumutchula kuti Bwana.

Ngongole inakula ndi chiwongoladzanja mpaka inandipitirira pamutu. Poyamba ankaimba foni mayi wina wa kubanki wa mawu okoma, kenako anayamba bambo wa mawu okalipa amene sankapereka n'komwe moni. Anaimba mpaka kuntchito, abwana n'kundiitana pamaso pa anzanga manja anga ali thovu lokhalokha. Bamboyo anati, "Mayi, tikutengerani kukhoti. Khoti likagamula, kubwera anthu kudzatenga katundu wa m'nyumba mwanu, ndiye musadzalire."

Nditawafotokozera alamu anu, anaseka. "Abwere adzatenge tione," anatero. Mawa lake anabwera ndi makina awo owotcherera kunyumba. Anakhomerera zitsulo pansi n'kuwotchererapo miyendo ya bedi, ya tebulo ndi ya mipando. Firiji anaimangira khola lachitsulo. Bedi analiwotcherera pamalo pomwe denga limadontha, ndipo nditanena, anati ndizifunda pulasitiki. Tsache linasiya kulowa m'makona. Pomaliza anawotcherera chitseko chakuseri mbali zonse, kuti anthu a khoti asadzalowe mozemba. Anansi anaseka mpaka misozi, nanenso ndinaseka nawo, kupusa kwangaku.

Tsiku lina m'mawa ndinawauza mwaulemu kuti tipite kubanki tikapemphe kumabweza pang'onopang'ono. "Ukufuna ukandiyalutse kwa anthu?" anatero, n'kunditaya khofi. Ndinathamangira kuseri monga ndinkachitira kale akapsa mtima, kuiwala kuti kulibenso khomo. Ndinakoka chogwirira, chitseko chili nji. Anandipeza pomwepo, anandigwira tsitsi n'kumandimenyetsa mutu pachitsulocho mpaka dzino linathyoka. Ana anali atalowa pansi pa bedi, osalira n'komwe. Paja ndinakuuzani pafoni kuti ndaterereka kuntchito? Kuterereka kwake kunali kumeneko.

N'chifukwa chake ndinakupemphani kuti thandizo lanu mutumize ndi munthu, osati pafoni, poti foni yanga amaifufuza ngati wapolisi. Sindinawauze kanthu. Ndinkati ndikalipire mwakachetechete nkhani ife.

Mnzanuyo anafika Loweruka masana, atavala tayi, chikwama chakuda chili m'khwapa. Munthu waulemu, anaima pageti n'kufunsa za ine potchula dzina langa lonse, monga mmene amatchulira a banki. Alamu anu anali pabwalo akudula paipi.

"Mukumufuniranji mkazi wanga?"

"Pepani bambo, ndabwera pa nkhani ya ngongole ija."

Sanamalize. Paipi inamupeza pachibwano, magalasi n'kuulukira m'ngalande. Anagwa chagada, n'kukweza mkono kuti adziteteze, ndipo ndinamva fupa likuti thyo ndili m'khitchini. Ndinatuluka ndikukuwa, "Asiyeni! Ndi anzawo a achimwene!" Anandiponda pamimba, ndinakagwera pampanda. Anabwereranso kwa mphunzitsi n'kumamumenya m'nthiti uku akufuula, "Nyamula! Nyamulatu katunduyo!" Malaya oyera aja anasanduka ofiira. Akanapanda kalipentala woyandikana nafe ndi bambo wogulitsa buledi kuwagwira ndi kuwagwetsa pansi, bwenzi ndikukulemberani za maliro.

Chikwama chinatseguka, ndalama zanu zinamwazika m'fumbi. Akazi a kalipentala anazitola zonse n'kundisungira, Mulungu awadalitse. Alamu anu ataziona, ndinaganiza kuti achita manyazi. Ayi ndithu. Anandiyang'ana ndi maso ofiira n'kunena kuti, "Kani umapemphetsa kwa amuna anzanga?" Apolisi akuwakweza m'galimoto, anapotoloza khosi n'kundiuza mofatsa, "Ndikatuluka tidzamalizitsa." Kufatsa kumeneko ndimakudziwa, ndipo ndikuopa.

Lolemba ndinapita kubanki ndi nkhope yotupa, ndinalipira zimene munatumiza. Anavomera kuimitsa za khoti bola ndizipereka mwezi ndi mwezi osalumpha. Khadilo ndinalidula ndekha ndi sizasi pamaso pawo. Ndikuthokozani kwambiri, achimwene, a khoti sakundisowetsanso tulo.

Dzulo ndinakamuona mnzanuyo. Chibwano anamumanga ndi waya, akudya ndi kapaipi, mkono uli mu pulasitala. Ndinagwada pambali pa bedi kupepesa. Iye analankhula movutika mano ali pamodzi, "Mlongo, dzukani. Ine ndinabwera chifukwa cha achimwene anu. Akanena kuti ndiusiye mlanduwu, ndiusiya." Ndinalira mpaka anesi anabwera kudzanditulutsa.

Ndiye nkhani yonse ili m'manja mwanu. Apongozi akuti mwana wawo si woipa, ngongole ndiyo inamuzunguza mutu, ndipo banja silingayende popanda mwamuna. Akuti mumukhululukire, akatuluka adzamuwotcherera mnzanuyo geti laulere. Ndalemba monga anenera, musadzati sindinalembe.

Tsopano imvani langa, ine mlongo wanu amene munkandibereka kumsana. Musamupemphe mnzanuyo. Chonde musamupemphe. Akakufunsani, muuzeni apite kukhoti akanene zonse, ndipo ine ndikaima pambali pake ndi dzino langa lothyokali. Chiwatengereni bambo awo, ana akugona pamwamba pa bedi, ndipo wamng'ono wayambanso kuimba akamasamba. Sindikufuna kuti zimenezi zithe.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti ndawasowa. Ana akupereka moni kwa amalume awo. Apongozi nawonso akupereka moni wambiri. Angondifunsa kumene ngati ndalemba mogwira mtima, ndipo ndawayankha kuti ndalemba ndi mtima wanga wonse. Andigwira dzanja kuthokoza, ndipo akuti kalatayi akaponya okha kupositi kuti isachedwe.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Mzime wa amayi