Kachidutswa ka Tepi mu Valavu

Wokondedwa mng'ono wanga,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno ndilipo, kungoti mawondo akukana masitepe, makutu nawo anapita kale. Adiresi yako wandipatsa ndi mchemwali wathu. Wapereka monyinyirika, ati ndisakakuputenso.

Mu envulopumu muli kapepala kopinda. Usakataye. Yamba wawerenga kalatayi.

Mwezi watha anandiitana kufakitale ya mipando kuja. Akuzula mapaipi onse a mpweya amene tinamanga iwe ndi ine, akuika ena opepuka, ongolowetsana popanda sipanala. Injiniya wake ndi mayi wina wa magalasi. Anati mapu a mapaipi akale anasowa, ndipo wodziwa njira zake ndatsala ndekha. Pondipumitsa ntchito sanandifunse maganizo, lero ndiye andikumbuka. Ndinapitabe, nditavala ovolosi yanga yakale.

Kompuresa yopopa mpweya ikadali m'kachipinda kake kotentha, fumbi la matabwa likadali mbuu pamwamba pa thanki. Tinatsata mapaipi mpaka kuseri kwa chipinda chopopera vanishi, pa nthambi ya paipi ija anaitseka ndi pulagi utavulala. Zaka khumi ndi zinayi palibe anaikhudza.

Nkhaniyo ukuidziwa, koma ndiilembabe, chifukwa ine ndakhala ndikuikamba mokhota. Tsiku lija unatseka valavu, n'kutsegula kampopi kotulutsira mpweya mpaka kanaleka kulira. Unakatsekanso, n'kupita kukatenga soketi yatsopano yolumikizira mapaipi. Wosunga zipangizo anakuchedwetsa ndi nkhani zake za mpira. Utabwerera unamasula soketi yakale, ndipo inachoka ngati chipolopolo n'kupita ndi diso lako lamanzere.

Pa mlandu akapitawo anandifunsa ngati valavuyo ikanatha kudutsitsa mpweya ili yotseka. Ndinayankha kuti valavu yomanga ine sichita zimenezo. Ndinati unaiwala kutulutsa mpweya, ndiwe waphuma kuyambira uli mwana. Unalumbira bandeji ili kumaso, koma anamvera ine wamkulu. Anakuchotsa ndi kalata yoti ndiwe wosasamala, ndipo palibe fakitale inakulembanso.

Tsopano imva. Injiniya uja atachotsa valavu imeneyo anaimasula pa benchi, n'kundikodola. Mkati, pamene imayenera kutseka, panapanikizika kachidutswa ka tepi yoyera yokulunga pa mazinga a paipi, katali ngati chikhadabo. Anati valavuyi chiimangireni sinatsekepo bwinobwino. Mpweya unkadutsa pang'onopang'ono, moti munthu akachokapo theka la ola nthambi yonse inkadzazanso. Anafunsa akuseka kuti ndi mmisiri uti ankakulunga tepi mpaka kunsonga kwa paipi. Iye za iwe sankadziwa. Ndinati sindikukumbuka. Taona, ngakhale pamenepo ndinanamanso.

Unandiuza kangati kodi? Unkati achimwene, pokulunga tepi muzisiya mazinga awiri oyamba ali osavala, chifukwa yotsala kunsonga imaduka n'kulowa mkati. Ine ndinkati ndinagwira sipanala iwe ukuyamwa, tepi yambiri sinaphepo munthu. Unkangoseka n'kunena kuti mapaipi anga amavala ngati akudwala malungo.

Pali chinanso chimene sindinauzepo munthu. Tsiku lomanga valavuyo ndinaiyesa monga mwa nthawi zonse, nsonga ya sikuludiraiva pa valavu, chogwirira kukhutu, kuti ndimve ngati mpweya ukudutsa. Sindinamve kanthu, ndiye ndinati ili bwino. Koma ndinkadziwa kuti khutulo layamba kufa. Kunyumba malemu alamu ako ankachita kundiitana katatu. Ndikanangokuuza kuti tabwera umvetsere ndiwe, lero ukanakhala ndi maso awiri. Unali pompo, ukupukuta manja. Ndinaopa kuti akapitawo akadziwa andikhazika pansi, iwe ukhale mmisiri wamkulu.

Usaganize kuti zako ndaiwala. Tsiku limene anakuchotsa ntchito unanditcha gonthi pamaso pa anthu nthawi ya nkhomaliro, akalipentala onse n'kuseka, dzinalo n'kundikanirira mpaka tsiku lopuma ntchito. Alamu ako atamwalira sunabwere, ngakhale kakalata sunalembe, chonsecho amene ankakuchapira mabandeji ndi iwowo. Iwo anakulakwira chiyani? Zimenezi zimandiwawabe, sindinama. Zaka zonsezi ndinkati ndikaganiza za diso lako, ndinkathamangira kukumbuka zimenezi kuti mtima ukhale pansi. Zinkandithandiza ndithu. Chionereni katepi kaja, zaleka.

M'mawa mwake ndinabwerera kwa injiniya. Ndinamuuza kuti mmisiri wa tepi uja ndine, ndipo wovulala pa nthambiyo ndi mng'ono wanga wa bere limodzi. Anavula magalasi. Kenako anati angathe kulemba zimene wapeza mu valavu, ine n'kusaina pansi pake. Anawonjezera kuti pepalalo silibweza chilichonse. Ndinati ndikudziwa, lembani. Ndasaina, ndipo kope yake ndili nayo. Katepiko ndinapempha, anandipatsa.

Pepalalo sindinaliike muno, ndikufuna ndidzabwere nalo ndekha. Mchemwali wathu akuti ana ako anakula akudziwa kuti bambo awo anadzivulaza okha chifukwa cha phuma. Akuti mwana wako wamkulu ukamulangiza za ntchito amakuyankha kuti inu ndiye munasamala? Mawu amenewo anawaika m'kamwa mwake ndine. Ndilole ndidzawachotse. Uwasonkhanitse onse pabalaza, alamu akhalepo, ine ndidzaimirire ndinene kuti bambo anu mpweya anatulutsa, wabodza ndine. Ukafuna kudzandithamangitsa ndikatha kulankhula, khomo ndidzalipeza ndekha. Sindikupempha kuti undikhululukire, sukulu yanga ndi yochepa koma mpaka apo ndimadziwa. Ndikupempha mpando umodzi ndi nthawi yochepa.

Foni usaimbe, ndingokhala ndikukufunsa kuti wati chiyani. Ulembe, ngakhale mawu amodzi oti bwerani. Ndizifunsa kupositi Lachisanu lililonse. Ukapanda kulemba ndidziwanso yankho lako.

Tsopano tsegula kapepala kaja, katepiko kali momwemo. Ukaike pachikhatho, ukayang'ane ndi diso limene ndinakusiyira. N'kopepuka, ukapuma mwamphamvu kauluka. Ine ndakanyamula masabata atatu m'thumba la malaya, ndipo ndikuyenda chowerama.

Undiperekere moni kwa alamu, uwauze kuti mawu anandinenera kuchipatala utavulala aja, oti wakupha diso ndine, anali oona. Moni kwa ana onse, ndi kamdzukulu kamene ndangomva kuti kanabadwa. Mulungu akusunge, akusungirenso diso latsalalo.

Ndine mkulu wako,
Gonthi uja.