Kupereka Osalandira

Loweruka, 14 Disembala

Mvula kuyambira m'mawa. Ndakonza wailesi imodzi yokha, ya a Gratiniano ogulitsa nyama. Kawaya koduka basi.

Mayi Leonilde, amene amasunga mndandanda wa novena, mapemphero okonzekera Khirisimasi aja, mumsewu mwathu, anabwera ndi kope lawo. Masiku asanu ndi anayi, nyumba zisanu ndi zinayi, kuyambira Lolemba. Pa 21 palembedwabe "kwa a Melba".

"Bambo Arcesio, ndifufute kapena ndisiye? Banja latsopano la pakona lija likulifuna tsikuli. Akalitenga sadzabwezanso, mudziwiretu."

Ndawauza kuti ndiyankha Lachisanu. Mkazi wanga Melba analitenga tsiku limeneli chaka chimene tinalowa m'nyumba muno, ndipo kwa zaka 31 msewu wonse umadzapemphera ndi kuimba pabalaza pathu. Ine ntchito yanga inali kunyamula mipando.

Miyezi inayi lero chimuikireni m'manda Melba.

Lamulungu, 15 Disembala

Mwana wanga Yolima wayimba kuchokera ku Chile. Sabwera, kuntchito amukaniza tchuthi. "Ababa, mukudya koma?" Ndati ndikudya.

Alamu anga a Evelio, mlongo wake wa Melba, atumiza kavidiyo pa Watsapu. Sewero la kubadwa kwa Yesu kutchalitchi china, abweretsa bulu weniweni. Buluyo wayamba kudya ndevu za Yosefe, zija amapanga ndi khonje. Yosefe akuyesetsa kuoneka woyera mtima kwinaku chibwano chikukokedwa, Mariya wabisa nkhope m'nsalu, mapewa akugwedezeka. Ndinaseka mpaka kutsokomola. Ndinangozindikira ndatembenuza foni kuloza mpando wa Melba wa pawindo uja. Ndinaibweza m'thumba.

Lolemba, 16 Disembala

Novena yayambira kwa mayi Leonilde. Sindinapite. Nyimbo zimamveka kudutsa khoma, ndi maseche a zitsekerero za mabotolo.

Masana a Evelio anandipeza pa benchi yanga yogwirira ntchito.

"Alamu, nkhope imeneyi ngati mwameza batire. Bweretsani kachala, tikolane."

"Ndine mwana ine?"

"Mwana ayi, wamantha. Kupereka osalandira, mpaka Lachisanu dzuwa kulowa. Mukalandira kanthu m'manja mwanga, Loweruka mutsegula chitseko. Ndikalandira ine kwa inu, ndikauza ndekha Leonilde afufute, ndipo simudzandimvanso."

Masewera athu a masiku a novena. Mnzako akakupatsira chinthu, iwe nkuchitenga m'manja mwake, wagonja, iye nkufuula kuti wapambana. Ine ndi Melba timasewera chaka chilichonse, ndipo pa zaka zonsezo anandigonjetsa kawiri kokha. A Evelio akudziwa zimenezi. Tinakolana zala. Ndinaona kuti ndi njira yabwino yokanira popanda mawu okana kutuluka pakamwa panga.

Lachiwiri, 17 Disembala

Ayesa katatu. M'mawa kapu ya khofi, yotentha, akuti ikuwaotcha. Ndinati patebulo pali malo. Masana ambulera, mvula ili pamutu. Ndinanyowa. Madzulo anabwera ndi mphaka wa eni, "tamugwirani kaye alamu ndimange nsapato." Mphaka anawakanda.

Nanenso ndinayesa. Ndinawapatsira sikuludilaiva ngati ndatanganidwa, "tagwirani apa." Anapinda manja kumbuyo. "Mukuona ngati ndinabadwira m'bokosi la wailesi?"

Kavidiyo ka lero: bambo wina akukazinga mabunyuwelo, mandasi ozungulira a pa Khirisimasi aja, atavala chisoti cha njinga yamoto, chivindikiro cha poto kumanja ngati chishango. Limodzi likuphulika m'mafuta, iye nkuthawira kuseri kwa firiji, mkazi wake nkulowa ali phee, nkuchepetsa moto. Melba amati mafuta akatentha kwambiri ndiye amaphulika. Ndamutumizira Yolima. Wayankha patapita maola asanu ndi limodzi, kankhope koseka kamodzi.

Ndili ndi timavidiyo khumi ndi tinayi timene ndasunga. Sindikudziwa ndikusungira ndani.

Lachitatu, 18 Disembala

Palibe amene wabwera. Ndadya choimirira.

Lachinayi, 19 Disembala

Ndachita chinthu choipa.

Ndinatsitsa katoni ya kakhola ka Khirisimasi, kaja ka tizidole ta kubadwa kwa Yesu, pamwamba pa wadiropu. Ndinaganiza kuti ndikawapatsira a Evelio katoni imeneyi sangakane, ndi ya mlongo wawo, ndipo masewera atha. Pachivindikiro pali malemba a Melba a Januwale wapitayu: "Arcesio, nkhosa yothyoka mwendo usataye." Sindinatsegule. Ndinainyamula mpaka kwawo, kudutsa pamsika, anthu akundiyang'ana.

Anatuluka akutafuna. Ndinati, "Alamu, izi zikhale kwanu, ine sindizigwiritsanso ntchito." Ndinatambasula manja.

Anayang'ana malembawo. Anasiya kutafuna.

"Katundu wa achemwali anga mwamusandutsa nyambo?"

Katoni idakali m'manja mwanga, anapitiriza.

"Ikani pansi ngati mukufuna, mvula imunyowetse. Kapena bwererani naye. Ine manja anga ali kumbuyo, ndipo si chifukwa cha masewera."

Ndinabwerera nayo. Pobwerera imalemera kuposa popita. Ili patebulo pabalaza. Lero sanatumize kavidiyo.

Lachisanu, 20 Disembala

Ndinadzuka nditatsimikiza kuti dzuwa likalowa, wina wapambana kapena ayi, ndikauza mayi Leonilde afufute.

A Evelio anabwera cha m'ma 11. Moni wouma. Anakhala pampando wa makasitomala nkumayang'ana foni yawo, ine ndikuotcherera waya. Kenako anati, osandiyang'ana, "Wina waika za chaka chatha pa gulu la pa Watsapu la tauni yathu. Anthu akundiseka mpaka ku Bogotá."

Anakweza mawu a foni. Ndinamva gitala, anthu akuimba, kenako phokoso la mpando ukuthyoka ndi munthu kugwa. Ndinakumbukira: pabalaza pathu, a Evelio anagwa chagada ndi gitala yawo pafupi ndi kakhola. Ndiye pamwamba pa phokoso lonselo, kuseka. Kuseka kuja kotha mpweya, kokhala ngati munthu akulira. Ndi mawu: "Mudzutseni msanga, andiphwanyira nkhosa zanga!"

A Evelio anali atatambasula dzanja kuti ndione. Sindikukumbuka kuimirira. Ndinangoona foni ili m'manja mwanga.

Masekondi 23. Melba saoneka bwino, chigongono chokha ndi epuloni yamaluwa achikasu, mbale ili m'manja. Amene amajambula amatsata wakugwayo. Koma mawu ndi ake, onse. Ine ndilimo, chakumbuyo, ndanyamula mpando wina, nkhope ili gwa ngati wapolisi. Sindinadziwe kuti tsiku limenelo sindinaseke.

Ndinaonera kasanu. Waya ndimaotcherera uja anapserera.

Nditadzutsa mutu, a Evelio amapukuta magalasi awo ndi malaya.

"Iyi tisaiwerenge, alamu. Sindinabwere nayo ngati msampha. Ndikulumbira."

"Ndalandira m'manja mwanu?"

"Mwalandira, koma..."

"Ndiye fuulani. Malamulo ake ndi amenewo."

Sanafuule. Ananena motsitsa, ngati munthu wopepesa pamaliro, "Ndapambana." Kenako anawonjeza, "Komatu mipando yanu ija muikonze, ine msana ndi umodzi."

Ndinapita kwa mayi Leonilde dzuwa lisanalowe. Ndinawapeza akusenda mbatatesi. Ndinati asafufute. Sanafunse chilichonse, anangoti abweretsa mabunyuwelo, ine ndisayerekeze kuyandikira mafuta.

Ndamutumizira Yolima kavidiyoko. Sanatumize kankhope. Anayimba, tinakhala pafoni nthawi yaitali, zolankhula zochepa.

Loweruka, 21 Disembala

Tsiku lonse pa kakhola. Sindimadziwa kuti ndi ntchito chonchi. Phiri la mapepala lagwa kawiri, ndalichirikiza ndi bokosi la wailesi yakale. Mtsinje Melba amapanga ndi chiyani sindikudziwa, ine ndaika pepala lonyezimira la m'paketi ya khofi. Magetsi okha ndiye ali bwino, amenewo ndi anga. A Evelio akuti ngamila zikuoneka ngati zikuthawa Betelehemu. Akhala pampando uliwonse, umodziumodzi, akudzigwedeza, ndipo awiri awatulutsa panja.

Ndasesa pakhonde. Ndavala shati yoyera, yosasita bwino.

Nthawi yatsala pang'ono kukwana 6 koloko. Chitseko ndatsegula chonse, ndaikapo mwala. Banja la pakona lafika kale, akhala kumbuyo mwamanyazi. Mayi Leonilde angosuzumira kuchipinda kuno, kabuku ka novena kali m'manja, akufunsa kuti pemphero loyamba awerenge ndani, poti mwini nyumba ndiye amayamba.

Ndawauza andidikire. Ndikufunafuna magalasi anga.