Manambala Ofiira pa Makoma

Lachitatu

Malume 07:12
iwe mwana wa mlongo wanga, wapenta manambala ofiira mumsewu mwathu muno ndani? pa shopu yanga yosokera palembedwa 17

Wamapu 07:31
mwadzuka bwanji malume. ine sindinapente. Mabatire, dzulo unatsala ndi GPS ndiwe, zakhala bwanji?

Mabatire 07:48
GPS inathima. ndinaopa kusokoneza ma point a map yathu nde ndinangolemba pa makoma

Wamapu 07:48
pa nyumba za eni?? osapempha??

Mabatire 07:50
42 zokha

Malume 07:56
[uthenga wa mawu 0:38]

Malume 07:58
ngati simunamvere, kuno nambala yofiira pa khoma ndiye kuti a boma akubwera kudzagwetsa nyumbayo. wosoka nsapato waphwasula kale kashedi kake

Wamapu 08:01
chonde auzeni ndi research ya ku university basi. tikungolemba za gulu lovina la mu galaja lija ndi mmene msewu ukusinthira

Malume 09:40
ovina akowo asamutsa masipika pa wilibala

Wamapu 09:41
ayi ayi. interview yanga ndi iwowo ndi 2 koloko. miyezi itatu ndikuwanyengerera!

Mabatire 09:55
komatu imeneyi ndi data. tiike mu chapter 4

Wamapu 09:55
ndikakupeza ndikumwetsa pentiyo

Malume 12:20
anthu adzadza pakhomo. akuti ndine ndinakuyendetsani khomo ndi khomo nkumati awa ndi ana athu, ayankheni. akuti ndagulitsa msewu

Wamapu 12:22
ndikubwera ndi kalata ya aphunzitsi, ili ndi chidindo

Malume 12:23
usayerekeze. pepala la chidindo lero? aziti notisi yafika

Wamapu 12:24
nde nditani malume

Malume 15:05
makasitomala atenga nsalu zawo, ndi zodula kale zomwe. zaka 19 ndikusoka pano, sanandilozepo chala

Wamapu 15:06
pepani. mawa tibwera kudzafufuta, ndipepesa khomo lililonse. Mabatire wamva?

Wamapu 16:30
Mabatire

Lachinayi

Wamapu 06:45
malume ndagula penti woyera. ndinyamuke?

Wamapu 08:10
[mwaimba, sanayankhe]

Wamapu 09:32
malume chonde, mtima suli mmalo

Mabatire 10:15
guys map yatuluka. ma point onse 42 ali bho, aphunzitsi akuti ndi neat

Wamapu 10:15
khala chete plz

Malume 11:02
[chithunzi]

Malume 11:03
makina anga ali pa galimoto. eni nyumba akuti safuna kuotcheredwa nyumba chifukwa cha ine

Wamapu 11:03
mukupita kuti? ndiuzeni ndibwere

Malume 11:09
ukonze mapu akowo mwana wanga. pa 17 palibe munthu

11:10 Malume atuluka pagulu