Nyumba Yanga Pansi pa Mzere Wofiira

Lachiwiri, 4 Marichi

Mvula. Bondo nalo layambanso. Nkhosa zayamba kuswa, ana onse amoyo.

Masana kuholo, msonkhano wa pulani ya mudzi. Akuti tsopano ife eni ake a Aldergill tizinena tokha pomanga nyumba ndi posamanga. Koma tiyambe tadula malire, kuti Aldergill athera pati, Scarbeck ayambira pati. Ine ndinapitira busa la kuseri kwa nyumba yanga. Si langa, ndimangodyetsapo, ndipo kampani ina ikulifuna kuti imangepo. Likapita busalo, nkhosa nazo zapita. Ndiye m'mawa ndizidzukira chiyani?

Mayi Thwaite, apampando athu, anayala mapu patebulo. Cholembera chawo chauma. Cha Cyril Dinsdale, mlembi, chaumanso. Aliyense kupisa m'thumba, palibe. Ine ndinali ndi choko changa chofiira cholembera pamsana pa nkhosa, chonenepa ngati chala chachikulu. Ndinawabwereka. Anajambula mosamala ndithu, lilime lili panja. Tinawomba m'manja. Tiyi wozizira.

Lachisanu, 14 Marichi

Mapu awapachika pakhomo pa holo. Kuyang'ana nyumba yanga, osaiona. Ndinabwerera kukatenga magalasi. Osaionabe. Ili pansi pa mzere. Kufiira konse kwakhala pamwamba panga, denga, khola, zonse.

Cyril akuti, "Horace, iwetu suli m'kati." Ndinati ndiye ndili kunja? "Ayi, kunjanso suli." Munthu tinakulira limodzi ameneyu.

Amene sali m'kati savota.

Lolemba, 24 Marichi

Ndinakwera basi kupita ku Scarbeck kukafunsa ngati ndili wawo. Anthu abwino, bisiketi anandipatsa. Mlembi wawo akuti, "Pepani bambo, ife athu malire amayambira pamene pathera kufiira." Anandiperekeza mpaka pakhomo ngati mlendo wochokera kutali. Chikhalirecho denga lawo ndimaliona ndili pakhitchini panga.

Lachitatu, 2 Epulo

Msonkhano wokambirana za ine. Ndinaimika dzanja. Mayi Thwaite akuti, "Olankhula ndi a m'kati mwa malire okha, a Horace. Lamulo limeneli tinapangira limodzi, inu mulipo." Zoona, ndinalipo. Ndinavomeranso.

Anandikhazika pakhonde pamodzi ndi maambulera, chitseko chotsegula pang'ono kuti ndizimva. Kukangana kwake! Ena akuti theka la kufiirako n'lathu, ndiye khitchini ili m'kati, chipinda chogona kunja. Enid wa kusitolo akuti basi ndivote theka. Wina kumbuyo akuti theka liti, lakumtunda kapena lakumiyendo. Kuseka. Anamaliza pogwirizana kuti afunse kukhonsolo.

Pobwerera ndinaima pamlatho, misozi pang'ono. Ndinabadwira m'nyumba imene ija.

Lachinayi, 17 Epulo

Kamwana ka nkhosa kamodzi kafa. Akhwangwala.

Chakumasana munthu wa kampani ija, nsapato zoyera, waima pageti pa busa, mapu akungowatembenuza. Anandifunsa, "Agogo, busa limeneli lili pati?" Ndinati mwaimapo pomwepo. Akuti ayi, pamapu. Tinayang'ana limodzi. Nalonso lili pansi pa kufiira, lonse, mpaka kumpanda wa miyala. Ine masiku onsewa maso anali panyumba pokha.

Akuti ku Aldergill amuuza kuti si lawo. Ku Scarbeck chimodzimodzi. Kukhonsolo akuti adikire malire alongosoke. Alibe woti amupemphe chilolezo chomanga. Anaponda ndowe n'kumapita.

Lero ndadya bwino.

Lolemba, 28 Epulo

Cyril pafoni, mawu ali m'mwamba: "Mdala iwe, tagula pensulo yosongoka! Tikulowetsa m'kati, iwe ndi busa lomwe. Uvota!" Ndinafunsa kuti ofuna nyumba zatsopano ndi ambiri kodi. Anatsokomola. Akuti ambiri ndithu, ana a anthu akusowa pokhala. Zimenezo n'zoona, sindikana. Koma voti yanga ndi imodzi, ndipo nkhosa sizivota.

Chatsala akuti n'choti ndivomere ndekha pamaso pa komiti. Ndinati bondo, sindingafike kuholo. Akuti osadandaula, abwera okha.

Lachitatu, 30 Epulo

Abweradi. Ndawaona pawindo akukwera mtunda, mvula ili waa, mayi Thwaite patsogolo ndi mapu, Cyril wanyamula keke. Keke yondilandirira m'mudzi mwanga momwe. Mtima unafewa pang'ono, ndisaname.

Makatani ndatseka, wailesi ndazimitsa. Ndakhala pansi kuseri kwa tebulo, kudzuka kwake sindikudziwa. Akugogoda. "Horace, tsegula, keke ikunyowa!" Kuseriku nkhosa zikudya, zilibe nazo ntchito.

Galu wanga ndamugwira pakamwa ndi dzanja limodzi. Koma Cyril ameneyu akangoitananso, poti galuyu amamukonda, auwa basi.