Tsitsi Langa Latsala Kundende

San Francisco, 1876

Kwa inu mayi a Suey Ping,

Landirani moni kuchokera kuno ku Phiri la Golide. Kaya mwendo uja ukukuvutanibe? Mpunga mwakolola? Ine ndilipo, ndikuchapabe zovala za azungu. Akulemba ndi a Louie a pakona. Ndawauza kuti asakometsere mawu, poti kalata sinditha kuwerenga koma zimene ndanena ndikuzidziwa.

Kuno nkhani ndi ife basi. Azungu amasonkhana kukuwa kuti Matchaina achoke. Akuluakulu awo nawo akukangana: ena akuti tikulanda ntchito, ena akuti tikhale koma tisanduke ngati iwo. Za njanji ija tinaboolera mapiri palibe akuzitchula.

Mchimwene wanu Bok Hing anawamvera. Anameta tsitsi lake loluka, n'kugula chipewa, n'kuyamba tchalitchi. Anandiuza kuti nanenso ndimete, alamu, nthawi zasintha. Ndinamuyankha kuti mutu wake ukuoneka ngati dzira la bakha. Sabata isanathe anamugenda pamsewu, chipewa chili kumutu. Ndinamuseka. Ndinafulumira kuseka.

Tsopano imvani zimene ndakhala ndikubisa miyezi iwiri.

Azungu anaika lamulo loletsa kugona anthu ambiri m'chipinda chimodzi, akuti mpweya sukwana, chonsecho nyumba zina satilola. Atatigwira, woweruza anati tisankhe, chindapusa kapena ndende. Anzanga analipira. Ine ndinati sindingalipire mpweya umene ndinapuma ndi mphuno zanga. Ndinalowa kundende ndikuyenda ngati mkulu wa asilikali.

Sindinadziwe kuti awonjezera lamulo lina, loti wandende aliyense azimetedwa. Anandigwira anthu atatu. Wa sizasiyo ankaseka, akuti akudula mchira wa nkhumba. Tsitsi lija munaliluka ndi manja anu tsiku limene ndinkakwera sitima. Ndalisunga zaka makumi awiri ndi zinayi, ngakhale m'mapiri a chisanu. Ndinapempha kuti andipatseko ndilisunge. Analisesera limodzi ndi zinyalala.

Mukudziwa kuti kwathu mwamuna wopanda tsitsi loluka ndi woukira mfumu. Ndingatsike bwanji padoko? Ndingagwade bwanji pamanda a bambo? Bok Hing akuti ndigule la kwa ometa, ndilisokere kuchipewa, ambiri akutero. Ndamuuza kuti makolo anga sindingawanamize ndi tsitsi la munthu wina. Akuti nanga ndidikire limere. Pamutu pano pakumera timaudzu toyera, ndipo chifuwa chija sichindipatsa zaka zodikira.

Choncho lonjezo lija lakuti ndibwera chaka chatsopano, lichotseni mumtima. Munandiuza kalekale kuti liuma langali lidzandipweteka. Sindikuti ndinalakwa. Ndikungoti munanena.

Pempho langa ndi limodzi. Ndalembetsa dzina ku bungwe la anthu akwathu, lija limafukula mafupa n'kuwatumiza kumudzi. Bokosi likadzafika, musadzalisiye padoko. Mudzandiike kumapazi kwa bambo, mbali yoyang'ana kumunda. Akamafunsa amudzi chifukwa chimene ndachedwera, muziti ntchito yachuluka.

Ndidzabwera ndithu, mayi a Suey Ping. Mafupa alibe tsitsi, palibe adzafunse.

Mundiperekere moni kwa Suey Ping ndi amuna ake, ndi adzukulu amene sindinawaonepo. Makolo akusungeni ndi moyo wautali kuposa wanga.

Ndine mwamuna wanu,
Yee Gim Lung
(chala changa ndi ichi)