Wolira wa Mzere Wachitatu

Loweruka, 12 Januwale

Ndapita ndithu. Ine Insaf, amene nkhope yanga, pamene ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri zokha, inali pa zikwangwani Kairo yense, lero ndakhala pa benchi kudikira Shehata, uja amatola anthu odzazitsa khamu m'mafilimu. Ndinabwereka nikabu, nsalu yophimba nkhope, maso okha panja. Dzina ndamuuza labodza. Wandiyang'ana ngati akugula mbuzi, n'kunena kuti mawa ndikakhale mmodzi wa olira maliro. Mwana wanga Rehab ndamunamiza kuti ndinali ku mzikiti. Atamva zoona ndingalowe pati?

Lamulungu, 13 Januwale

Mzere wachitatu. Tsiku lonse kulirira bokosi lopanda munthu. Masana atipatsa buledi ndi nyemba papepala, tadyera pansi, ine kudyera m'kati mwa nsalu ngati wakuba. Mayi wina amadzitama kuti osewera akuluakulu onse anawaonapo ndi maso. Ndangoti eya.

Pamalo pomwepa kale ndinali ndi chipinda changachanga ndi munthu wondikupiza. Ndinasewera mwana wamasiye, kenako mkwatibwi, kenako mayi wa mkwatibwi, kenako foni inangoti zii. Chondichititsa manyazi kwambiri n'chakuti lero ndasangalala. Fungo lija la nyali zotentha, ndinali nditalisowa.

Lachiwiri, 15 Januwale

Ndapalamula. Anandiphunzitsa ndili mwana kuti kutentha kwa nyali kuzimveka patsaya, kukapanda kumveka usunthe. Lero mapazi asuntha okha mpaka ndatchinga mtsikana wosewera wamkulu, mwini filimu. Wotsogolera filimu wandikalipira pagulu, akuti wodzazitsa khamu alibe ntchito ndi kuwala, ndibwerere kumbuyo.

Wotsika pamakwerero kudzakonza nyali, kuyang'ana, ndi Girgis. Wakalamba, mano atha. Ndili mwana, ndiye ankandinyamula paphewa ndikatopa, n'kumandigulira madzi a nzimbe. Wandiyang'ana m'maso nthawi yaitali. Thukuta kuti kamukamu m'nsalumu.

Lachitatu, 16 Januwale

Sindinapite. Rehab ndamuuza kuti ndi mutu, iye n'kundiphikira tiyi. Ndalephera kumwa.

Lachinayi, 17 Januwale

Shehata waimba m'mamawa, akuti olira a dzana akhale omwewo, apo ayi zithunzi sizigwirizana. Ndapita.

Wotsogolera wafuna nkhope imodzi yolira pafupi ndi kamera. Wayenda m'mizere n'kuima pa ine, akuti maso angawa akuyankhula.

"Chotsani chinsalucho, mayi, tione."

M'mutu ndimangoona nkhani ili m'mafoni, Rehab akuiwerenga ku ntchito kwake. Koma ndachotsa. Ndaima pakuwala kudikira kuti wina afuule dzina langa.

Anthu onse aja, palibe ndi mmodzi yemwe. Wina amayasamula, wina amakonza waya. Ndalira misozi yeniyeni, kujambula kamodzi kokha wotsogolera n'kukhutira. Mtsikana mwini filimu uja wabwera kudzandisisita paphewa.

"Koma azakhali luso muli nalo. Munayamba mwasewerapo?"

Girgis ali pamwamba pa makwerero, akupukuta nyali osandiyang'ana n'komwe, ndiye wandiyankhira.

"Alekeni apume, mwanawe. Lero n'koyamba."

Ndipo ine ndavomera ndi mutu.